Mmene Ndinagulira Wansembe

Ana inu, khalani pansi. Iwe Tadala, foniyo itembenuze, siithawa. Mphatso, ndikudziwa kuti undiyankha m'Chingelezi, palibe kanthu, bola makutuwo akhale a Chichewa.

Mwakhala mukundifunsa zinthu ziwiri: dzino langa lakutsogololi linapita kuti, ndiponso chimthiko chopachika pamwamba pa chitseko cha ku besimenti, chipinda chapansi chija, ncha chiyani. Agogo anu aakazi amakuuzani kuti dzinolo linathawa lokha, litatopa ndi mabodza odutsa pamenepo. Alekeni. Dzino ndi chimthikocho nkhani yake ndi imodzi, ndipo pakati pake pali wansembe.

Ine ndinakulira mumsika wa Limbe, pabenchi la malume anga ogulitsa zipangizo za njinga. Sukulu ndinapitako, koma nzeru zenizeni ndinazitola pabenchipo. Malume ankati, "Fabiano, katundu amene wamufuna usamuyamikire. Ukamuyamikira, wakweza mtengo ndi pakamwa pako pomwe." Ukafuna nkhuku, unene kuti ikuoneka ya chitopa. Ukafuna tayala, ulipeze bala ngakhale lilibe. Mwini wake akakana, uyambe kuchoka, koma pang'onopang'ono, khutu limodzi utalisiya m'mbuyo. Ndipo mukamvana, usachoke wopanda basela, kaja wogulitsa amakuwonjezera pamwamba kuti udzabwerenso. Inu lero mumagula nsapato pongodina foni, osapereka ngakhale moni. Munthu wake simumuona, mtengo simunenerera, kenako nkumati mwagula. Kumeneko si kugula, ana inu, nkulandidwa mwaulemu.

Kuno ku Toronto ndinafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kudzaphunzira kukonza mafiriji. Palibe anandiuza kuti dziko lake lonse ndi firiji. Ndinatsika ndege nditavala jekete yopyapyala imene ku Chileka inkandipatsa ulemu, kuno mphepo nkuidutsa ngati sefa. Amalawi masiku amenewo tinalipo owerengeka, mukanatikweza tonse mubasi imodzi mipando nkutsala. Sabata yoyamba ndinayesa kunenerera mtengo kwa dalaivala wa basi. Ndinamuuza kuti mipando yake njolimba ndipo akuyendetsa ngati wanyamula mazira. Anaimitsa basi, natsegula chitseko, nkundiloza panja. Ndinatsika pang'onopang'ono, khutu limodzi nditalisiya m'mbuyo. Sanandiitane.

Kachipinda kanga kanali ku Etobicoke, pafupi ndi tchalitchi china cha Katolika. Ndinkapitako kukapemphera, inde, komanso munali motentha. Mmenemo ndimo ndinakumana ndi Bambo Malaki, wansembe wochokera ku Ireland. Anali munthu wamtali ngati mlongoti, mphuno yopindikira kumanzere, zala zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa. Tsiku loyamba ndinadabwa kumva kuti akamayenda paguwa pakumveka kwa, kwa, kwa. Nditasuzumira pansi pa mkanjo wa Misa, ndinaona nsapato za mpira, zamano zija.

Misa itatha anandiyang'ana ine, nayang'ana jekete yanga.

"Mwana wanga, ukufuna kufera m'parishi yanga? Bwera kuno."

Ananditengera ku bokosi la zovala zothandizira osauka, natulutsa chikhoti chachikulu chaubweya. Chinali chabwino, ana inu, mtima wanga unavina. Koma pakamwa panayamba pokha ntchito imene panazolowera.

"Bambo, thumba ili nlobowoka. Ndipo batani limodzi si lake."

"Chikhoticho nchaulere."

"Eya, koma ngakhale chaulere chikhale chathunthu. Mukawonjezera magolovesi awo, nditenga."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kugwira khoma. "Iwe ndakusowa zaka zambiri. Loweruka ubwere, ndili ndi mlimi wina amene akundivuta."

Apa ndiyenera kukufotokozerani masewero ake, chifukwa pa TV yanuyi simuwaona. Kwawoko amawatcha halingi, ine ndinkati mpira wa mithiko. Munthu aliyense amanyamula ndodo ya mtengo yokhala ndi mutu wophwatalala, ndipo amalimbirana kampira kolimba ngati mwala, kochepera lalanje. Amakanyamula pandodopo akuthamanga, nkukamenya m'malere ndi mphamvu zonse. Kakadutsa pamwamba pa golo ndi pointi imodzi, kakalowa m'golo ndi mapointi atatu. Zipewa zoteteza mutu zimene mumavala inu ngakhale pokwera njinga pakhomo, iwo ankati nza ana. Tsiku loyamba kuonerera ndinafunsa kuti, "Bambo, anthuwa alakwirana chiyani?" Iwo anati, "Palibe, awa ndi a timu imodzi. Udikire adani abwere."

Osewera ake anali anyamata a ku Ireland amene ankamanga nyumba zosanjikizana za ku North York ndi kukumba njira za sitima yapansi. Ambiri analibe mbale kuno, monga ine ndemwe. Bambo Malaki ankawalandira ku bwalo la ndege, kuwapezera pogona, kuwapezera ntchito, kenako nkuwapatsa ndodo. Amene wagona kumowa Loweruka nkujomba Misa, samalowa m'bwalo, ngakhale akhale katswiri. Pofuna kuwathandiza, tsiku la mpira Misa ankaiyendetsa ngati basi yochedwa. Ulaliki wake unali woti, "Kondanani. Amene ali ndi galimoto atenge anzake." Pabwalo ankathamanga m'mbali, kolala yaunsembe ili pakhosi, akukalipa m'chilankhulo cha kwawo, kenako nkudzilemba chizindikiro cha mtanda. Ndodozo zinkabwera m'masutikesi a anthu ochokera kwawo, chifukwa ankati mtengo wa kuno ulibe mtima. Ikathyoka ankaikonza okha ndi timalata, kuseri kwa guwa, pafupi ndi makandulo.

Ine ndinasanduka wogula wa timu. Mlimi uja wa ku Mississauga, kumene lero kuli maofesi okhaokha koma kale kunali ng'ombe, ndinamuuza kuti dambo lake nlopendekeka, la ndowe, losayenera ngakhale mbuzi. Anatibwereka chilimwe chonse, basela nkutipatsa mitengo ya golo. Malaya a timu, laimu wolembera mizere, malalanje a pa hafu taimu, zonse zinkadzera pakamwa panga. Malipiro anga anali mbatata yophika ndi kabichi ku nyumba ya ansembe, chakudya chimene mchere ankangoumva mbiri.

Koma si mbatata yokha. Nditamaliza sukulu, ndi Bambo Malaki anakandilankhulira kwa kapitawo wa nyumba ina yosungira katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Nditafuna nyumba yokulirapo, eni nyumba ankati ilipo pafoni, koma ndikafika nkundiona nkhope, yatha. Bambo ananyamuka nane, kolala pakhosi, ndodo m'manja, nagogoda okha. Nyumba inapezeka. Ndipo ndi iwo amene ankayendetsa mapepala oti agogo anu aakazi, amene panthawiyo anali namwali wina wa ku Nguludi dzina lake Anastazia, abwere kuno, natilonjeza kuti adzatidalitsira ukwati ndi manja awo okhotawo.

Ndiye tsiku lina, masamba atayamba kufiira, kunabwera uthenga. Ambuye Episkopi afuna kuwatumiza Bambo Malaki kutali kumpoto, ku tauni ya migodi, kukatsogolera parishi yaikulu. Bambo anangotiuza pabwalo, akumanga chingwe cha nsapato. "Ndinalumbira kumvera. Akati pita, ndipita." Tsiku limenelo sanakalipire munthu, ndipo anyamata anasewera ngati odwala malungo.

Kaputeni wa timu anali Dini, womanga nyumba, munthu wa khosi ngati mtondo. Anasonkhanitsa anzake, navala masuti a pamaliro, nkupita kwa a Monsinyo, wansembe wamkulu amene ankanong'oneza Ambuye Episkopi za yemwe apite kuti. Ine sanandiitane. Anabwerako mitu ili pansi.

"Mwawauza chiyani?" ndinafunsa.

"Zoona zokhazokha," anatero Dini. "Kuti wansembe wotere sadzapezekanso. Kuti amagwira ntchito ya anthu asanu. Kuti kulikonse kumene angapite, tchalitchi chimadzaza."

"Ndiye iwo anati bwanji?"

"Anati zikomo, mwanditsimikizira kuti tasankha bwino."

Ndinagwira mutu. "Dini, khosi lonseli, nzeru osadutsamo? Mwapita kukagula ng'ombe nkumauza mwini wake kuti ndi yonona! Mwakweza mtengo!"

"Fabi, wansembe si ng'ombe."

"Chilichonse chimene wina ali nacho ndipo iwe ukuchifuna, ndi ng'ombe."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anyamatawo akanataya kochi, koma ine ndikanataya mkazi, chifukwa mapepala a Anastazia anali pakati, ndipo abale ake anali atayamba kale kunena za mphunzitsi wina wa njinga yamoto. Taonani agogo anuwo akuseka. Musaseke, amayi, mphunzitsiyo ndinamuona chithunzi, anali ndi makutu ngati zivundikiro za poto.

Lamulungu lotsatira a Monsinyo anabwera kudzaonerera mpira wathu womaliza wa chaka. Anali kamunthu ka ku Ireland komweko, kakafupi, ka imvi, chipewa chakuda. Ndinawapeza atatsamira mpanda wa mlimi, mpira osauyang'ana, akuyang'ana ng'ombe. Ankaziona kuyambira kumiyendo kukwera m'mwamba, diso limodzi atatsinzina. Chizindikiro chimenecho malume akanachiwerenga ali ku Limbe. Ine ndinali ndi changu, sindinachisamale.

"Moni a Monsinyo. Ndamva kuti mukutichotsera Bambo Malaki. Ndabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza?"

"Eya. Koma ndikumvera chisoni anthu a kumpotowo. Analakwa chiyani?"

Anatembenuka. "Pitiriza, mwana wanga."

Ndinamasula thumba lonse. Ndinati Misa yawo ukaphethira waphonya ulaliki. Ndinati akamaimba, makanda amalira ndipo nkhalamba zimazimitsa timakina ta m'makutu. Ndinati bondo lawo lamanzere latha, likulira ngati chitseko, ndipo kozizira kuja likauma ngati chikuni. Ndinati kuseri kwa guwa kuli ngati shedi ya kalipentala. Galimoto yawo imanunkha masokosi onyowa, moti mkwatibwi wina ataikwera anafika ku tchalitchi akulira, anthu nkumayesa chimwemwe. Ndinati mawu amene amalankhula pabwalo sindiwamva, koma Dini, munthu womanga nyumba, amachita nawo manyazi.

Nthawi yomweyo Bambo Malaki anadutsa patsogolo pathu akutsimphina, akukuwira woimbira mpira, nkhope ili psuu. Mulungu anandipatsa umboni waulere.

"Mwaona? Katundu wotere kumutumiza kwa anthu achilendo nkuchititsa manyazi Ambuye Episkopi. Ife tinazolowera kale. Ngati mulibe pomutaya, musiyeni pompano, tizivutika naye ndife."

Nditatero ndinayamba kuchoka, pang'onopang'ono, khutu limodzi m'mbuyo.

"Mnyamata!"

Mtima unati phwii. Ndinabwerera ngati sindikufuna.

"Bambo ako ankagulitsa chiyani?"

"Malume, a Monsinyo. Zipangizo za njinga."

"Anga ankagulitsa ng'ombe. Ndakulira m'misika ya ng'ombe, matope mpaka m'mawondo. Munthu akainyoza ng'ombe kuyambira mano mpaka mchira, kenako nkumachoka ngati wapondedwa chala, bambo anga ankandinong'oneza kuti, gwira chingwe, wogula wafika." Anakankhira chipewa kumbuyo, maso akuwala ngati mwana waona maswiti. "Aja anabwera ndi masuti aja anandigonetsa tulo. Iwe ndiye wabwera kumsika. Tsono nena, ukupereka chiyani?"

Ana inu, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndinalowa m'khola ndikudziyesa fisi, osadziwa kuti mwini khola ndi mkango. Koma msika ukatsegulidwa suthawa.

"Katundu wothyoka bondo, a Monsinyo? Mumayenera kutiwonjezera ndinu."

"Bondo limodzi. Linalo nlabwino, ndipo mapapo wawamva wekha. Ndingakusiyireni mpaka Khirisimasi."

"Mpaka imfa."

"Yake kapena yako? Mpaka Pasaka, ndipo Misa izikhala yathunthu, ulaliki wokhala ndi mutu ndi miyendo."

"Ulaliki wautali anyamata adzagona."

"Agone m'tchalitchi, kusiyana ndi kumowa."

Tinakokana mpira wonse. Iwo anachokapo kamodzi kupita ku galimoto yawo, ine nkuwaitana. Ine ndinachokanso, iwo nkundiitana. Kenako anatulutsa chimene ankafuna chenicheni. Holo ya parishi yathu inali itaima zaka yopanda denga, ndipo nkhani imeneyi inkawadwalitsa mutu Ambuye Episkopi. Analoza m'bwalo ndi chibwano. "Ndikuona amisiri okhaokha umo, akuwononga mphamvu pomenyana ndi ndodo."

"Denga likhalapo chisanu chisanathe," ndinatero ine, munthu amene sindinakhomepo msomali wowongoka. Ndinagulitsa Maloweruka a anthu ena, eni ake akuthamanga uko osadziwa kanthu.

"Denga likakhalapo, ndikauza Ambuye Episkopi kuti munthuyu bondo lake silingapirire kumpoto. Si bodza, wanena wekha. Kuli wansembe wina wokonda kuwedza nsomba, akakondwa kumeneko."

Analavulira m'dzanja lawo, nagwira langa, nkulimenya kuti phwa! Anati kwawo malonda amatha choncho. Ine pakamwa panayambanso pokha.

"Nanga basela?"

Nditawafotokozera tanthauzo lake, anaseka mpaka kutsokomola. Anati kwawonso ulipo mwambo womwewo, wogulitsa amabweza kenakake kuti ng'ombe ikayende ndi mwayi. Anatsegula buti ya galimoto, natulutsa ndodo yakale yakuda ndi thukuta, mutu wake waukulu kuposa zina zonse zimene ndinaziona. Anati ankasewera nayo ali ku seminale. Ndiye chimthiko chili pachitseko chija.

Dini atamva za denga anandinyamula ndi dzanja limodzi, sindikudziwa ngati ankafuna kundipsompsona kapena kundiponya kwa ng'ombe. Koma denga analimanga, m'chisanu, akunditukwana mosinthana, ine ndikuwawiritsira tiyi.

Chimene sindinaganize nchakuti a Monsinyo akafotokoza zonse kwa mwini wake, osasiyako ngakhale sokosi imodzi. Chisanu chonse Bambo Malaki anandisungira nkhaniyo. Sinowo itasungunuka, tsiku loyamba pabwalo, anandiitana pamaso pa timu yonse.

"Fabi, ndamva kuti ndikamaimba makanda amalira."

"Bambo, zinali za malonda chabe."

"Bondo nzoona. Ulaliki nzoona. Koma galimoto yanga, Fabi? Galimoto imene inakusamutsira bedi?" Anatenga ndodo ija m'manja mwanga, naitembenuza. "Ukudziwa chifukwa chake mutu wake ndi waukulu chonchi? Iyi ndi ndodo ya goloboyi. Ndipo goloboyi wathu wabwerera kwawo."

"Ine sindinasewerepo, Bambo."

"Kodi kwanu basela amakana?"

"Sakana."

"Amaisunga m'kabati?"

Ndinayang'ana Dini kuti andipulumutse. Dini, amene zala zake zinali zisanapole ndi chisanu cha padenga, ankamwetulira ngati mkwati.

Ndinaima pagolo chilimwe chimenecho, Mmalawi yekhayo, ndikhulupirira, amene anachitapo zimenezi dziko lino. Luso langa linali lotseka maso nkupemphera. Kenako kunabwera timu ya ku tauni ina, anthu aatali ngati zitseko. Chakumapeto tinali patsogolo pang'ono, mmodzi wa iwo nkupyola onse, natsala ndi ine. Ndinayamba kumuuza kuti ndodo yake njokhota ndipo sangagoletse nayo. Pakamwa panali potsegula, kampira kanabwera. Sikanalowe m'golo, ana inu. Tinapambana. Bambo Malaki anathamanga ndi bondo lawo lolira lija, nandikumbatira, nati sanaonepo munthu wotchinga mpira ndi chida chimene amachidziwa bwino chotere. Dzinolo tinalifunafuna muudzu, osalipeza. Lili pansi pa ofesi ina ku Mississauga.

Patangopita masabata ochepa Anastazia anatsika ndege. Anandiyang'ana mkamwa asanandipatse moni.

"Pachithunzi munali athunthu."

"Mphunzitsi uja ali ndi mano onse, koma ali kuno?"

"Ndiye ndalandira katundu wosweka. Basela yake ili kuti?"

Ndinadziwa pomwepo kuti ndasankha bwino. Nchifukwa chake pa chithunzi cha ukwati chili pabalaza paja, aliyense akuseka, ine ndatseka pakamwa ngati ndameza fupa. Wamtali ali kumbuyoyo ndi Bambo Malaki. Mukayang'anitsitsa pansi pa mkanjo, nsapato zija mudzaziona.

Za kumpoto sizinamvekenso. Anabatiza bambo ako iwe Tadala, anabatiza amayi ako iwe Mphatso, ndipo anaphunzitsa halingi mpaka ana a anyamata aja. Ulaliki unatalikadi, ndipo anthu ankandiyang'ana ine ndi diso loipa Lamulungu lililonse.

Zaka zambiri zitapita, atakalamba, anagonekedwa m'chipatala pakati pa chisanu. Madokotala anati Khirisimasi saiona. Ndinakawaona masana ena, nkuwapeza atatseka maso, zala zokhota zija zili pa bulangete, zitaonda. Ndinakhala pampando, ndinavula chipewa, nkuyamba kupemphera mokweza pang'ono.

"Ambuye, ndamva kuti mukumufuna munthuyu. Ndikukuchenjezani ngati mnzanu. Kuimba satha, adzakusokonezerani angelo. Mawondo onse awiri tsopano anatha. Adzakudulirani mitengo ya m'Paradizo kusema ndodo, ndipo oyera anu adzayenda opanda mano. Ngati mulibe pomuika, musiyeni pompano, tinazolowera kale."

Ndinamva bedi likugwedezeka. Ankaseka, maso ali chitsekere.

"Fabi, ameneyo sungamupusitse. Katunduyu anamupanga yekha."

"Ndikudziwa, Bambo. Ndikungofuna basela."

Ndipo anatipatsa. Khirisimasi anaiona, Pasaka anaiona. Udzu utaphuka, ine ndi Dini tinawanyamula pagalimoto, nkuiimika m'mbali mwa bwalo, zenera lotsegula. Anakalipira woimbira mpira ndi kamawu kotsala, nadzilemba chizindikiro cha mtanda. Sabata yotsatira mwini katundu anadzatenga katundu wake.

Tsono ana inu, ndimamva madandaulo anu. Mumauza amayi anu kuti agogo sanakuyamikirenipo. Alendo akabwera nkumati, koma Tadala ndi wanzeru, ine ndimati mutu waukuluwo ndi wa tulo. Akati Mphatso wakula bwino, ine ndimati miyendo ngati ya udzudzu, ndipo Chichewa chake nchobowoka ngati thumba la chikhoti. Mudzapitiriza kuzimva, ndipo tsiku limene kudzabwere wina pakhomo pano atavala suti kudzafunsa za mmodzi wa inu, ndidzawonjezera zina zimene simunazimvepo. Tsiku limene mudzandimve ndikukuyamikirani pagulu, mudzathawe, ndiye kuti ndikukugulitsani.

Tadala, foni ija tenga. Mphatso, dzuka ndi timiyendo takoto, ukanditsitsire chimthiko changa, ndikuonetseni kagwiridwe kake. Pakamwa mutseke.